Gudumu la Malinga Atatu

Ombani ng'oma, amuna inu. Ombani mpanje, ombani mbiriwiri, ombani mpaka chikumba chitenthe m'manja. Lero tikutchula mdani, ndipo mdani wotere satchulidwa monong'ona. Mkango amautchula maina ake onse alenje asanalowe m'tchire. Ng'ona amaitchula maina ake onse asodzi asanakankhe bwato. Nafenso titchule onse, limodzilimodzi, dziko limve kukula kwa chilombo cholimbana ndi ana athu.

Rotavirus!

Iwe Gudumu logubuduka popanda ngolo. Iwe Napolo wa m'matumbo. Iwe Nungu wa minga 60. Iwe Mwini malinga atatu, Mfumu yopanda mudzi, Mlendo wodya mwininyumba. Iwe Kachepa woposa fumbi, Wamkulu woposa njovu. Anzako 10,000 atandandalika pamzere, mzerewo ungangokwana milimita imodzi, koma m'chaka cha 2000 chokha unatenga ana oposa 500,000 osakwana zaka zisanu. Njovu iti inagwetsapo mitengo yochuluka chotero? Mtsinje uti unakokololapo midzi yotere? Sunasankhe dziko. Sunasankhe khomo. Unalowa ya udzu, unalowa ya malata, unalowa ya nsanjika zogunda mitambo, ndipo pafupifupi mwana aliyense wa pansi pano anakumana nawe asanakwanitse zaka zisanu. Kumene chipatala chili pafupi unasiya misozi. Kumene chili kutali unasiya manda.

Unabisala mibadwomibadwo. Unabisala amayi akuona liwombo likulowa, maso akulowa, pakamwa pakuuma, osadziwa dzina la wakupha. Unabisala madokotala akusaka mabakiteriya m'chimbudzi cha ana, n'kubwerako chimanjamanja. Unabisala mpaka 1973. Chaka chimenecho, ku Melbourne m'dziko la Australia, anakuvumbulula mayi wa maso a nkhwazi. Tamandani mayi Ruth Bishop a ku Royal Children's Hospital, Mlondola mapazi wosatopa, Mkazi wotsata chilombo mpaka kuphanga! A Geoffrey Davidson anatapa tinyama ta m'matumbo a ana odwala. A Ian Holmes ndi a Brian Ruck anatiika pa maikulosikopu ya maelekitironi. Taonani, khamu! Taonani, maselo odzaza ndi iwe mpaka m'mphepete! Mu 1974 ku Birmingham a Thomas Flewett anakupenya, naona mkombero, naona masipoko, nakutcha gudumu m'Chilatini. Mu 1988 ku America a Venkataram Prasad ndi anzawo anakuumitsa m'chisanu choopsa nakujambula mbali zonse, ndipo zipata zako ndi mikondo yako zinaonekera poyera.

Tiloweno mkatikati, kumene kuli chuma.

Chuma chako ndi zingwe 11. Zingwe za RNA, chilichonse chopotedwa pawiri. Zingwe zosunga lamulo lako lonse m'zilembo ziwiriziwiri zoposa 18,000. Zingwe zolamula mapuloteni 6 omanga thupi lako, ndi ena osayenda nawe, obadwira m'selo lomwe walanda. Iwe Wogawa chuma m'mitolo! Awiri mukakumana m'selo limodzi mumasinthana zingwe, mwana n'kubadwa wa nkhope yachilendo, wosadziwika kwa alonda. Pambali pa zingwezo pakhala nduna ziwiri. VP1, Mlembi wosatopa dzanja, wokopera lamulo usana ndi usiku. VP3, Woveka chisoti, woika chidindo pamutu pa uthenga uliwonse kuti selo liuyese wapakhomo.

Linga loyamba ndi VP2. Linga lopyapyala, linga la zidutswa 120, zogwirana ziwiriziwiri. Linga la nkhope 20 ndi ngodya 12, lolingana kumwamba ndi pansi, kum'mawa ndi kumadzulo. Kuseri kwa ngodya zimenezo n'kumene Mlembi ndi Woveka chisoti akhala chete, kudikira tsiku lawo.

Linga lachiwiri ndi VP6. Phiri la pakati! Msana wa njati! Zidutswa 780, zoimirira zitatuzitatu, nsanamira 260. VP6 Wolemera kuposa onse. VP6 Wogwira dzanja la wamkati ndi dzanja la wakunja. VP6 Mwini mfunda, pakuti ndiye amanena kuti uyu ndi wa gulu A, uyu wa B, uyu wa C, ndipo gulu A ndilo lamaliza ana. Ku labotale akamayeza chimbudzi cha mwana, ndi iyeyu amene kawirikawiri amamusaka.

Linga lachitatu ndi VP7. Chikopa cha chipembere. Chishango chosalowa muvi. Nayenso 780, nayenso atatuatatu, aliyense wakwera pamutu pa nsanamira ya VP6, atadzola shuga m'thupi. Chomanga atatuwo pamodzi si chingwe, si msomali, ndi kashiamu. Kashiamu alipo, linga lili nji. Kashiamu achoke, linga ligumuke. Sungani mawu amenewa, amuna a ng'oma, pakuti nkhondo yonse yagona pamenepa.

Ndipo m'malingamo muli zipata 132. Zipata 12 pa ngodya, zotulukira uthenga. Zipata 60 zozinga ngodyazo, ndi zinanso 60 kupitirira apo. Iwe Mzinda wa zipata zochuluka, koma wosalowamo mdani!

Tsono mikondo. Ee, mikondo! VP4, Nyanga za njati, Minga ya nungu, Mano a ng'ona. Mikondo 60, uliwonse wosulidwa ndi atatu, onse pamodzi 180. Tsinde lake lazikika pansi, m'chipata, pakati pa nsanamira za VP6, ndipo VP7 walipanikiza kuti lisazuke. Awiri aimirira tsonga, mitu ili kumwamba. Wachitatu wagona chopingasa patsinde, kuchirikiza anzake. Ndi VP7 ndi VP4 amene amakupatsa maina ako a kunkhondo: G wa chishango, P wa mkondo. G1P[8], Wofala m'makontinenti onse. G2P[4], Wobwera motsatira. G8, G9, G12, mafuko pa mafuko, mikondo pa mikondo.

Iwe Wosafunda mafuta! HIV amafunda mafuta, kachilombo ka fuluwenza kamafunda mafuta, ndipo mafuta akasungunuka iwo atha. Iwe wavala zida zokhazokha. Umakhalitsa padzanja. Umakhalitsa pachoseweretsa cha mwana, pachitseko, pansalu, m'madzi. Umadikira masiku osafooka. Maiko anakumba mipope, anamanga zimbudzi zamadzi, kolera anathawa, tayifodi anathawa, iwe unatsala. Gramu imodzi ya chimbudzi cha mwana wodwala imanyamula mabiliyoni a iwe, pomwe osakwana 100 ndi okwana kugwetsa mwana wina.

Walowa pakamwa. Watsika kukhosi. Wadutsa chifu, nyanja ya asidi. Wafika m'matumbo aang'ono, dziko la timapiri tosawerengeka, timapiri tomwera mkaka wa m'bere, timapiri tolera mwana. Sufuna zigwa. Ufuna nsonga, kumene kuli maselo okhwima, ogwira ntchito yoyamwa chakudya.

Apa tsono ng'oma ichepetse liwiro, pakuti apa ndi pamene mtima wanga umawawa.

Mkondo wako umafika wobuntha. Umafika wogwedera, wosatha kubaya. Wonola ndi ndani? Wonola ndi mwana mwini. M'matumbo mwake muli trypsin, mpeni wogaya chakudya, mpeni woduladula mapuloteni a mkaka kuti mwana akule. Ena akakumana ndi mpeni umenewu amatha. Iwe umautambasulira khosi. Trypsin adula VP4, ndipo podulapo patuluka awiri: VP8*, Mutu wa mkondo, ndi VP5*, Thupi la mkondo. Wogwedera uja wauma gwa. Wobuntha uja wathwa. Iwe Wonoletsa mkondo kwa mwini chifuwa! Iwe Wosandutsa chakudya cha mwana kukhala chipala chako! Sunadze ndi nyundo. Sunadze ndi mvukuto. Zonse wazipeza kwa iye.

VP8*, Mphuno ya nyalugwe, Wonunkhiza khomo. Amapapasa pankhope pa selo, kusaka shuga. Osati shuga wa m'kapu, koma timitengo ta shuga tomera pakhungu la selo. Abale ako a m'zinyama amagwira asidi wa sialic. Iwe wa mwa anthu umagwira shuga wa mtundu womwewo umene umasiyanitsa magulu a magazi, shuga amene mwana anatengera kwa mayi ake ndi bambo ake. Chizindikiro cha mtundu wake ndicho chogwirira chako. P[8] ndi P[4] ali ndi makomo awo. P[6] ali ndi ake, ndipo makomo a P[6] ndi ochuluka mwa ana a mu Africa. Mwina n'chifukwa chake mkondo umenewu wamveka kwambiri kuno, wamveka ku Burkina Faso, wamveka ku Blantyre. Ndipo sugwira ndi dzanja limodzi. Ku Cuernavaca m'dziko la Mexico, mayi Susana López ndi a Carlos Arias anatsata zogwirira zina, ma integrin ndi hsc70, makwerero okwerapo iwe ukangogwira shuga. Wagwira. Wagwiranso. Wakakamira ngati nsato pa mbawala.

Tsopano VP5*. Imani chilili, ng'oma zonse zilire!

VP5* Wobisa mano. VP5* Wodzipinda. VP5* Mphenzi yogona m'mtambo. Kunsonga kwake kuli timalupu todana ndi madzi, tokonda mafuta, tophimbidwa ndi mitu ya VP8*. Mitu ija ikagwira shuga imapatuka, ina uku ina uko, ndipo mano aonekera. Aloza nembanemba ya selo, khoma la mafuta lotchinga moyo wa selo. Aluma. Wachitatu wogona patsinde uja adzuka, agwirizana ndi anzake awiri, ndipo mkondo wonse utembenuzika ngati ambulera yogonja ku mphepo, zamkati kunja, zakunja mkati. Tsinde lomwe linazikika pansi limasuka, litambasuka, liponyedwa kunja, likalowa m'nembanemba. Phazi lasanduka nsonga! Muzu wasanduka nthambi! Anaziona ndi maso a makina ku Harvard, m'nyumba ya a Stephen Harrison, nazilengeza mu 2021. Tamandani iwo ojambula mphenzi ili m'kati mong'anima!

Ndipo selo? Selo likukumbatira. Nembanemba ipinda, ikuzinga, ikutsekera m'kathumba, ikulowetsa mkati. Selo limeza mkango wamoyo. Selo litsegulira Napolo chitseko. M'kathumbamo mikondo ikuboola, kashiamu akuthawa. Kashiamu achepa. Kashiamu atha. Mwakumbukira, amuna a ng'oma? Atatuatatu a VP7 atayana. Chishango chiyoyoka. Mikondo igwa, ntchito yake yatha. Kathumba kang'ambika. Pafupifupi mphindi 10 chigwirireni khomo, iwe uli m'bwalo la selo.

Iwe Mfumu yovula kuti ilamulire! Mafumu ena amavala akamakwera pampando. Iwe umavula. Unadza ndi malinga atatu, walowa ndi awiri, ndipo kuvulako ndiko kudzuka kwako. Linga lakunja likangochoka, Mlembi atola cholembera. Woveka chisoti aika chidindo. Uthenga utumphuka pa zipata za pa ngodya, mitsinje yotuluka m'phiri limodzi, yoyenderera mbali zonse. Koma chuma sichituluka. Zingwe zopotedwa pawiri zikhala mkati, kuseri kwa VP2, kuseri kwa VP6, pakuti alonda a selo akaziona amaliza mfuu. Iwe Wolamulira uli m'linga! Iwe Wosapita kulikulu! Ena amakagwada ku phata la selo kumene kuli DNA. Iwe sugwada. Umanga bwalo lako pabwalo la mwini.

Tsono abadwa ankhondo osayenda nawe aja. NSP1, Wotseka pakamwa mlonda, wophwanya oliza lipenga la interferon. NSP3, Wolanda mphero, wokankhira kumbali uthenga wa selo kuti makina ake agaye zako zokha. NSP2 ndi NSP5, Amisiri omanga misasa, misasa yotchedwa viroplasm, mosulira ana ako. Mmenemo zingwe 11 zisonkhana, chimodzi cha mtundu uliwonse, VP2 azizinga, VP6 akwera pamwamba. Ana a malinga awiri atuluka m'misasa, alowa m'ngalande za selo, abwereka chofunda cha mafuta kanthawi, achitaya, avala VP7, anyamula mikondo. Mmodzi analowa, chikhamu chatuluka.

Ndipo NSP4. Dzina ili litchuleni mano atalumana. NSP4, Ululu wa mamba. NSP4, Mlonda wa chipata cha ngalande, wokokeramo ana ako. NSP4, Woboola nkhokwe za kashiamu za selo kuti kashiamu asefukire. Mu 1996 ku Baylor College of Medicine, ku Houston, mayi Mary Estes ndi anzawo anaonetsa kuti iyeyu payekha amatsegula m'mimba, poizoni woyamba wa m'matumbo wopezeka mwa vairasi. Mchere utuluka m'maselo, madzi autsata. Mitsempha ya m'matumbo itekeseka, uthenga ukwera kuubongo, mwana asanza. Timapiri tija tifupika, nsonga zake zikokoloka, zomwera zichepa. Masiku ngati awiri uli chete. Kenako thupi litentha. Kenako masanzi. Kenako madzi, madzi, madzi, masiku atatu, masiku asanu, mpaka asanu ndi atatu. Supha ndi bala. Supha ndi magazi. Umapha pophwetsa mtsinje wa m'thupi la mwana.

Tsono tembenukani, ng'oma. Mdani tamutchula. Titchule omugwira pakhosi.

Inu amayi osachotsa mwana kubere ngakhale akusanza, Akasupe osaphwa, tamandikani! Inu osungunula Thanzi ORS pakati pa usiku, omwetsa pang'onopang'ono, obwezera mtsinje m'khwawa lake, tamandikani! Inu opereka zinki, inu obereka mwana kumbuyo kuthamangira kuchipatala tambala asanalire, tamandikani! Mchere ndi shuga m'madzi aukhondo zili ndi khomo lawo lolowera m'matumbo, ndipo madzi amatsata pambuyo pake. Napolo amatulutsa, inu mumabweza.

Tamandani osula katemera. Pofika 2006 kunali kutatuluka Rotarix ndi RotaTeq. Mu 2009 bungwe la WHO linalengeza kuti mwana wa dziko lililonse alandire. Tamandani Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, Nsanja ya alonda, kumene akhala akuwerenga mafuko a Gudumu kuyambira 1997. Tamandani ana a ku Blantyre ndi a ku South Africa amene anayesedwa katemera, zotsatira n'kumveka mu 2010. Kwa ana a ku Malawi anatchinjiriza pafupifupi theka la matenda aakulu, osati onse, pakuti mdani uyu sagwa ndi nkhonya imodzi. Koma theka la khamu lalikulu ndi khamu lalikulu. Pa 29 Okutobala 2012 Malawi anayamba kudontheza katemera m'kamwa mwa makanda, pa masabata 6 ndi pa masabata 10. Zambia anatsata, Zimbabwe anatsata, Mozambique anatsata mu 2015. M'midzi ya ku Mchinji imfa za makanda zobwera ndi kutsegula m'mimba zinatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Padziko lonse, oposa 500,000 aja anali atatsika kufika pa 215,000 mu 2013. Akadali ambiri. Akadali ana a anthu. Nkhondo ikadalipo, ndipo ku Melbourne komwe kuja anatenga rotavirus wofatsa wa mwa makanda obadwa kumene, wa mkondo wa P[6], namusula kukhala katemera RV3-BB, amene anadzayesedwanso ku Blantyre.

Tamandani alangizi a zaumoyo a kusikelo, Oponda matope, Owoloka mitsinje ndi bokosi lozizira, Osaiwala mudzi wa kuseri kwa phiri!

Pakuti madonthowo ndi iwe wemwe, Gudumu, koma wothyoledwa msana. Mwana akumeza uli wofooka, thupi lake likupenya, likuloweza nkhope yako. Liloweza chishango. Liloweza mkondo. Lisula asilikali olingana ndi iwe ndendende, liwaika pa timapiri, adikire. Ndipo tsiku ukadza ndi ukali wako wonse, upeza makomo ali ndi eni. Msilikali uyu aphimba mutu wa VP8*, mphuno ya nyalugwe isanunkhize shuga. Msilikali uyo agwira VP5*, mphenzi isatembenuzike. Ndipo wina, Ngwazi ya ngwazi, akwera pa chishango, aponda phazi pa VP7 uyu ndi phazi pa VP7 uyo, awapana pamodzi, monga anazijambula a Harrison ndi anzawo mu 2009. Kashiamu athawe, linga silimasuka. Kashiamu athe, chishango sichiyoyoka. Mlembi adikira, chitseko sichitseguka. Woveka chisoti adikira, uthenga sutuluka. Iwe Mfumu yovula kuti ilamulire, vula tione! Vula, Napolo! Vula, Nungu wa minga 60! Wamangidwa m'zida zako zomwe, malinga atatu ali chiimire, zingwe 11 zili chigonere, ndipo mwana akuyamwa!